Mwakweza galimoto kapena mwasintha axle, chiwongolero chayamba kuvuta: poyambira kufufuza

Dandaulo ili limabwera chaka ndi chaka, makamaka nyengo yotuta mbatatesi ku Tsangano, ku Bembeke ndi ku Lizulu. Munthu wagula Land Cruiser kapena Hilux yakale, waikweza ndi masipuling'i atsopano, waiveka matayala akuluakulu, mwinanso wasintha axle yonse n'kuikamo ina yogula kwa ophwasula magalimoto. M'matope a katondo ikudutsa bwinobwino. Koma ikangokwera pa tara wa M1, chiwongolero chikunjenjemera, galimoto ikukokera mbali, kapena kutsogolo kukumveka phokoso lomwe kale kunalibe.

Kawirikawiri chitsulo chatsopanocho sichikhala ndi mlandu. Mukakweza galimoto mumasintha kapendekeke ka zitsulo zonse zolumikiza axle ku chassis ndi ku chiwongolero, ndipo matayala olemera amaulula kugwedera komwe kunabisala kalekale. Choncho musanatulutsenso ndalama, pezani kaye chomwe chikugwedera.

Zomwe zili m'munsimu zikukhudza kwambiri magalimoto a axle yathunthu kutsogolo: Land Cruiser 70 ndi 80, Nissan Patrol, Defender, ndi Hilux zakale za masipuling'i a leaf kutsogolo. Pa Hilux zatsopano tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha, ndiye za panhard rod (chitsulo chopingasa cholumikiza axle ku chassis) ndi knuckle (mutu wa kumapeto kwa axle womwe umatembenuka ndi tayala pokhota) sizikukhudzani, koma za difu, propshaft (chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ku difu) ndi mabuleki n'zanu.

Njira ziwiri zofufuzira musanamasule kanthu

Yoyamba: galimoto ikhale pansi, matayala onse ali pa dothi, handibuleki yokoka. Mnzanu akhale pampando azigwedeza chiwongolero uku ndi uku, pang'ono koma mosalekeza. Inu gwadani kutsogolo ndi tochi, muziyang'ana ndi kugwira mfundo iliyonse: ma tie rod end (mfundo za kumapeto kwa chitsulo cholumikiza matayala awiri akutsogolo), drag link (chitsulo chochokera ku steering box kupita ku tayala), mbali zonse ziwiri za panhard rod, ndi pomwe steering box yamangidwa ku chassis. Pomwe chitsulo china chikuyamba kusuntha chinzake chili duu, vuto lili pomwepo.

Yachiwiri: kwezani tayala limodzi ndi jeki, ikani sitandi pansi pa axle. Gwirani tayalalo pamwamba ndi pansi, muzikankha ndi kukoka. Likagwedera, uzani mnzanuyo aponde buleki ndipo mubwereze. Kugwederako kukatha, ndi mabering'i a tayala. Kukapitirira, ndi mabering'i a knuckle. Kenako gwirani m'mbali zonse ziwiri. Kugwedera kwa apo kumaloza ku ma tie rod end.

Musalowe pansi pa galimoto yomwe yangotsamira jeki. Njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

1. Chiwongolero chikunjenjemera mwamphamvu mukagunda dzenje

Ili ndiye vuto loopsa pa onse, ndipo ndi lomwe anthu amatayirapo ndalama zambiri pachabe. Mukuyenda pa liwiro labwinobwino, tayala limodzi lagunda dzenje kapena polumikizira mlatho, basi kutsogolo konse kwayamba kugwedezeka, ndipo sikuleka mpaka mutachepetsa liwiro kwambiri.

Zikakuchitikirani pamsewu, gwirani chiwongolero ndi manja onse, siyani kuponda moto, musaponde buleki mwadzidzidzi. Lolani liwiro litsike, patukani, imani. Kuchokera apo yendani pang'onopang'ono mpaka pomwe mungakonzere.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Panhard rod, pa magalimoto a ma coil kutsogolo. Ndi chitsulo chokhacho chomwe chimaletsa axle kusunthira m'mbali. Onani mabushi ake ndi mabawuti. Tulutsani bawuti muone bowo la bulaketi: ngati lasanduka lozungulira motalika, bushi yatsopano siithandiza mpaka bowolo litakonzedwa. Pa magalimoto a leaf, ntchito yomweyi amagwira mabushi a masipuling'i, ma shackle ndi ma U-bolt.
2. Ma tie rod end ndi drag link. Imodzi ikagwedera, kapena labala yake ikang'ambika n'kulowa fumbi, sinthani. Sizikonzeka.
3. Mabering'i a knuckle. Amafuna kuthina kwa muyezo wake, komwe amakupeza powonjezera kapena kuchotsa timashimu n'kuyeza ndi sikelo yokoka. Akadyeka, knuckle imatembenuka mopanda chouletsa chilichonse. Muli pomwepo, yesani manati anayi ogwira steering arm (mkono womwe chiwongolero chimakokera tayala) ku knuckle. Pa Land Cruiser amamasuka pafupipafupi matayala akakula, ndipo akathyoka tayala silimveranso chiwongolero.
4. Mabering'i a tayala omasuka.
5. Caster yochepa chifukwa chokweza galimoto. Onani gawo 2.
6. Matayala ndi marimu. Tope louma m'kati mwa rimu limakwanira kuyambitsa kunjenjemera, choncho tsukani kaye musanapite kokapanga balancing. Onaninso ngati rimu yapindika kapena tayala latupa mbali imodzi. Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo. Vuto likasintha, mwalipeza.

Za steering damper, shock yopingasa yochepetsa kugwedezeka kwa chiwongolero, ndinene mosabisa. Ambiri akangomva kunjenjemera amathamangira kugula damper yaikulu, ena mpaka kuika ziwiri. Kwa milungu ingapo galimoto imakhala ngati yachira. Koma damper imangophimba. Bushi yothayo ikupitirira kudya bulaketi, ndipo tsiku lomwe kunjenjemera kudzabwerere kudzakhala koposa poyamba. Galimoto yomwe mfundo zake zili bwino imayenda mowongoka ngakhale mutachotsamo damper. Sinthani damper ikakhala kuti ikudontha oyilo kapena yapindika, ndipo muisinthe pomaliza, zina zonse zitatheka.

Chinanso chomwe amaiwala ngakhale amakaniko ena: mabawuti odutsa m'mabushi a labala amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa pansi, kulemera kwake kuli pa matayala. Mukawamanga axle ikulendewera, labala imapotoka galimoto ikatsika ndipo imang'ambika msanga.

Imani, itanani makaniko ngati:
- mwaona mng'alu pa chassis pafupi ndi steering box kapena pa bulaketi ya panhard;
- stud ya steering arm yathyoka kapena ikungozungulira;
- kugwedera kuli m'mabering'i a knuckle ndipo mulibe sikelo ndi torque wrench.

2. Galimoto sikugwira mzere, chiwongolero sichibwerera chokha mukakhota

Mumangokhalira kuiwongola, ndipo pochoka ku Dedza kukafika ku Ntcheu mapewa atopa.

1. Caster. Mzere womwe knuckle imatembenukirapo umayenera kupendekera kumbuyo pang'ono. Ndi chomwe chimabweza matayala pakati. Mukakweza galimoto ya ma radius arm (mikono iwiri yogwira axle ku chassis), axle imazungulira ndipo kupendekerako kumachepa. Mukakweza kwambiri, kumachepanso kwambiri. Mankhwala ake ndi mabushi kapena mapuleti obwezera caster, kapena ma radius arm opangidwira kutalika kwatsopanoko. Pa leaf amaika kachitsulo kopendekeka pakati pa sipuling'i ndi axle, ndipo kazikhala kachitsulo cholimba, komangidwa ndi centre bolt. Ma shackle ataliatali nawonso amasintha caster.
2. Toe, kutanthauza momwe matayala akutsogolo ayang'anira, m'kati kapena kunja. Matayala akutsogolo akayang'ana kunja, galimoto imatsatira kamzere kalikonse ka pamsewu. Pitikitsani dzanja pamwamba pa tayala: likamakala mbali imodzi n'kusalala mbali inayo, toe yasokonekera. Tie rod ikagunda mwala kapena chitsa imapindika n'kusintha toe.
3. Mpweya wochuluka m'matayala. Ambiri amapopa kwambiri pokanyamula matumba, n'kuiwala kuphwetsa pobwerera opanda katundu.
4. Steering box yodyeka. Ili ndi sikuluwu yochepetsera kugwedera, koma mukaithinitsa kwambiri chiwongolero chimakakamira pakati ndipo box imatha msanga. Musayambire apa.

Caster siyezedwa ndi maso. Ngati pafupi palibe makina a alignment, ulendo wa ku Lilongwe, womwe ndi makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma la Dedza, ndi wotchipa kuposa matayala awiri. Pemphani akupatseni pepala la manambala, ndipo muwauze kuti galimotoyo inakwezedwa, asangokonza toe n'kukubwezerani.

3. Chiwongolero chapendekeka, kapena galimoto ikudumphira mbali pa bampu

Mukakweza galimoto ya ma coil, panhard rod imakoka axle kupita mbali imodzi. Imani kutsogolo muyerekeze: tayala limodzi limatuluka kunja kwa bodi kuposa linzake. Panhard rod yosinthika kutalika imabweza axle pakati. Mukatero, wongolani chiwongolero posintha kutalika kwa drag link, osati pochizula n'kuchibwezera mokhota.

Galimoto ikamakhota yokha pa bampu inu musanatembenuze kanthu, onani ngati drag link ndi panhard rod zapendekeka mofanana. Zimayenera kuyendera limodzi. Wina akatsitsa bulaketi ya chimodzi n'kusiya chinzake, axle ikamakwera ndi kutsika imakoka chiwongolero.

Apa pali zinthu zitatu zomwe sindivomereza ngakhale pang'ono, ndipo ndimaziona. Kuwongola tie rod kapena drag link ndi moto. Kudula ndi kuwotcherera pitman arm (mkono wa pa steering box) kapena steering arm. Kuika mabuloko okwezera pakati pa sipuling'i ndi axle yakutsogolo. Chitsulo cha chiwongolero chikapsa chimafooka m'kati mosaoneka, ndipo chimathyoka pomwe chikulimbana ndi katundu wambiri, monga pokhota potsetsereka. Owotcherera athu ndi aluso pa mageti ndi ngolo, koma zitsulo izi zikawonongeka zimangofunika zina.

4. Mukaika 4WD galimoto ikumangika, giya ya transfer (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ikukana kutuluka

1. Mukuyendetsa 4WD pa tara kapena pa dothi louma lolimba. Magalimoto ambiri amenewa alibe difu yapakati, ndiye matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizika kuzungulira mofanana ngakhale pokhota. Bwererani m'mbuyo mamita angapo mowongoka, giya imasuka. 4WD ndi ya pamatope, pamchenga ndi pamiyala yoterera.
2. Matayala osiyana kukula. Onse anayi akhale a saizi imodzi, ndipo akhale odyeka mofananako. Kuika 7.50R16 kutsogolo ndi 285/75R16 kumbuyo n'kupha transfer.
3. Ma ratio a madifu awiriwo sakufanana. Ratio ndi maulendo omwe propshaft imazungulira kuti matayala azungulire kamodzi.

Chachitatuchi ndi cha amene mwasintha axle kapena difu, ndipo ndi chomwe chimawononga zinthu zodula. Ma axle a Toyota amafanana kunja, amalowa bwinobwino, koma m'kati muli magiya osiyana: 4.10, 4.30, 4.56, 4.88 ndi ena. Mu 2WD simungadziwe kanthu, mwina miyezi yonse yachilimwe. Mvula ikagwa n'kuika 4WD, axle imodzi imafuna kuthamanga kuposa inzake. Pamatope matayala amangoterereka, koma pongofika polimba china chake chimathyoka: cross (mfundo ya propshaft), birfield (mfundo ya m'kati mwa knuckle yozunguza tayala lakutsogolo), mano a difu kapena transfer.

Kuyeza kwake sikufuna ndalama:
- Ikani galimoto pamalo athyathyathya, tsekerezani matayala ndi miyala, giya ikhale pa neutral, transfer pa 2H. Poyeza kumbuyo masulani handibuleki. Poyeza kutsogolo tsekani ma hub onse awiri.
- Kwezani tayala limodzi lokha. Lembani chizindikiro ndi choko pa tayala ndi pa propshaft.
- Zunguzani tayalalo maulendo 20, mnzanu akuwerenga propshaft. Ikazungulira 41, ratio ndi 4.10, 43 ndi 4.30, kupitirira pang'ono 45 ndi theka ndi 4.56; pafupifupi 49 ndi 4.88.
- Tayala likakana kuzungulira, difuyo ndi ya LSD, yomwe silola tayala limodzi kuzungulira lokha mosavuta. Kwezani matayala onse awiri ndipo muzunguze maulendo 10.

Difu ikakhala yochotsedwa m'galimoto, werengani mano: a crown wheel (giya yaikulu) muwagawe ndi a pinion (giya yaing'ono). Mano 41 ndi 10 ndi 4.10, pomwe 41 ndi 9 ndi 4.56. Chitani izi kwa wogulitsa, musanalipire, osati axle itafika kale ku Mayani kapena ku Kasinje.

Zikasiyana, tsegulani ma hub ndipo musaikenso 4WD mpaka zitakonzedwa. Kusintha crown wheel ndi pinion ndi ntchito ya makaniko wodziwa madifu, wokhala ndi geji yoyezera mpata wa mano. Difu yomangidwa mongoyerekeza imalira, imatentha, n'kutha.

5. Phokoso la kha-kha-kha pokhota mu 4WD

1. Birfield kapena CV joint yadyeka. Imamveka mukakhota mpaka kumapeto mukuponda moto. Matayala aakulu ndi difu loko (chokakamiza matayala onse awiri kuzungulira limodzi) zimaithetsa msanga, makamaka mukamabwerera m'mbuyo matayala ali okhota.
2. Hub sinatsekeke bwino. Ma hub odzitsekera okha amakonda zimenezi akakalamba; otseka ndi dzanja ndi odalirika kwathu kuno.
3. Tayala likukhula sipuling'i, radius arm kapena bodi. Mupeza malo owala pomwe lakhala likukhula. Sinthani mabawuti oletsa knuckle kukhota mopitirira.

Kukamveka kuthyoka kenako chiwongolero n'kuyamba kukakamira, imani pomwepo. Zidutswa za birfield zingathe kutsekereza knuckle galimoto ikuyenda.

6. Pa knuckle pakutuluka mafuta akuda amadzimadzi

Kunyowa pang'ono pa mpira wa knuckle si vuto. Koma zikamachucha ngati phala n'kumadetsa m'kati mwa tayala, oyilo wa difu wadutsa seal ya m'kati n'kusakanikirana ndi girisi. Birfield imatsala yopanda girisi, difu imatsala ndi oyilo wochepa, ndipo zosakanikirazo zikafika pa mabuleki, galimoto imakokera mbali mukaponda.

1. Seal ya m'kati yatha. Kusintha ma seal akunja okha n'kutaya nthawi. Knuckle iphwasulidwe yonse, mabering'i aonedwe, muikidwe girisi ya moly.
2. Breather yatsekeka ndi tope. Difu ikatentha, mpweya umasowa potulukira ndipo umakankha oyilo kudutsa m'ma seal. Ndi kachinthu kakang'ono pamwamba pa axle, kamasuleni mukatsuke.
3. Axle yapindika. Seal yatsopano ikayambanso kudontha posachedwa mbali yomweyo, kapena tayala likaoneka lopendekera m'kati pamwamba, kaikirani zimenezi.

Amene mumawoloka mitsinje dzinja, monga a kuchigwa cha Bwanje, lumikizani payipi pa breather muikweze mpaka m'chipinda cha injini. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi. Mukawoloka pozama, masulani pulagi muone oyilo. Akayera, khuthulani tsiku lomwelo muike wina wa GL-5, ndipo ngati difu ndi ya LSD, wa LSD.

7. Kunjenjemera pansi pa mpando, kapena kulira kochokera kumbuyo

Kunjenjemera kwa matayala kumamveka m'manja, kwa propshaft kumamveka pampando ndi pansi pa mapazi.

1. Ma cross adyeka. Gwirani propshaft muigwedeze. Fumbi lofiira ngati dzimbiri pa kapu ya cross likutanthauza kuti yauma. Ipakeni girisi mukachoka m'madzi kapena m'matope.
2. Propshaft inabwezeredwa molakwika. Ikasololedwa pa slip joint, mafoloko a mbali ziwirizo abwerere momwe analili. Lembani chizindikiro musanasolole.
3. Kukweza kwapendeketsa propshaft mopitirira.
4. Ma U-bolt amasuka. Masipuling'i atsopano amakhazikika, ndiye mangitsaninso mutayenda makilomita mazana angapo oyamba. Ma U-bolt akale asabwererenso.
5. Kulira komwe kumasintha mukaponda moto ndi mukasiya ndi kwa pinion kapena crown wheel. Onani oyilo, kenako pitani kwa makaniko.

8. Chiwongolero chikulemera, pampu ikulira

Onani mafuta a power steering, lamba wa pampu, ndi mpweya wa matayala akutsogolo, motsatana choncho. Ma Toyota ambiri amenewa amagwiritsa ATF. Werengani pa chivindikiro. Mafuta a thovu akusonyeza kuti payipi ikuyamwa mpweya. Ndi matayala otambalala, pewani kupotokola chiwongolero galimoto itaima pa tara kapena tayala litatsamira mwala. Mphamvu imeneyo imathera pa shaft ya steering box ndi pa chassis. Chiwongolero chikapendekeka mwadzidzidzi mutagunda chinthu ndipo tie rod ndi drag link zili zowongoka, shaft ya box ingakhale itapotoka. Galimotoyo isayendenso mpaka itaonedwa.

9. Mabuleki asintha chikwezereni galimoto

1. Mapayipi a labala afupika. Kwezani chassis mpaka axle ilendewere. Payipi ikakokeka, ikani yaitali.
2. Valavu ya mabuleki akumbuyo. Ma pickup ambiri akale ali ndi valavu yolumikizidwa ku axle yakumbuyo ndi kachitsulo kowonda, yomwe imawonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikalemedwa. Mukakweza osasuntha bulaketi yake, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu nthawi zonse. Ntchito yonse imagwera mabuleki akutsogolo, ndipo potsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti ndi matumba, amatentha n'kuleka kugwira. Bulaketi ikwezedwe mofanana ndi momwe galimoto yakwerera.
3. Matayala aakulu amafuna mtunda wautali kuti muime, ndiponso amanamiza geji ya liwiro, imaonetsa pang'ono inu mukuthamanga kwambiri.
4. Axle yochokera ku galimoto ina ingabwere ndi mabuleki osagwirizana ndi master cylinder yanu. Pedulo ikamapita pansi kwambiri mpweya mutachotsa kale, musayesere pamsewu.

Za mabuleki ndi chiwongolero musazisiyire tsiku loyezetsa galimoto (COF) ku Road Traffic. Katundu ndi anthu mukunyamula lero.

Ngati simunakwezebe

Maganizo anga ndi awa. Pa misewu ya kuno, kukweza ndi mamilimita 50 ndi masipuling'i oyenera katundu yemwe mumanyamuladi n'kokwanira, ndipo sikusokoneza zambiri. Kupitirira apo, werengerani limodzi mtengo wa caster, panhard rod, mapayipi a mabuleki ndi ma shock aatali. Mukalephera kugula zonse, musakweze. Tayala lopyapyala lalitali ngati 7.50R16 kapena 235/85R16 limaboola tope n'kugwira pansi polimba, silivutitsa mabering'i, ndipo likaphulika muli kumudzi kupeza lina sikuvuta. Ma spacer otulutsa matayala kunja amawonjezera ntchito pa mabering'i ndi ma stud. Ngati mwaikamo, yesani manati ake pafupipafupi.

Masipuling'i olimba sawonjezera mphamvu ya axle. Amangobisa kuti galimoto yalemedwa, chifukwa siikhalanso pansi ngati kale. Mabering'i akumbuyo, ma half shaft ndi mabuleki akadali omwe aja, ndipo kulemera komwe angapirire kunalembedwa pa kapuleti ka galimoto ndi m'buku lake. Kawerengeni nambalayo, muchotsepo kulemera kwa galimoto yopanda katundu ndi kwa anthu okwera, kenako mugawe chotsalacho ndi kulemera kwa thumba limodzi musanapakire.